Kathabwa ka Kumbuyo kwa Sitima

Sitima ija ndidayamba kuisema ndili pa chikamwini, m'mudzi wa akazi anga kufupi ndi Mphunzi, kumene madzi aakulu amene anthu ankawadziwa adali a m'dambo nthawi ya dzinja. Nkhondo idali itatha zaka zisanu ndi zitatu. Amuna anzanga ankakangana za chitaganya cha maiko atatu, koma ine ndikaweruka kumunda ndinkakhala kuseri kwa nkhokwe ndi kasemasema, mpeni, ndi chipika cha paini chotalika ngati mkono wanga chimene ocheka matabwa kuphiri la Dedza adachitaya. Anthu ankati mkamwiniyu akusema chodyeramo nkhumba. Ndinkapsa mtima, koma pamudzi pa eni umangomeza malovu.

Ndinkafuna ifanane ndendende ndi sitima yapamadzi imene idatibweza ife asilikali kuchokera ku Bama. Chumuni ndidapanga ndi nsungwi n'kuchidetsa ndi mwaye. Mawindo ndidawotcha ndi msomali wamoto, limodzilimodzi, mizere itatu mbali iliyonse. Mpanda wa m'mphepete udali wa masipoko a njinga, zingwe za ulusi wosokera. Penti wotuwa ndidapempha wotsala pamene ankapaka zitseko za tchalitchi, ndipo ndinkapaka ndi nthenga ya nkhuku. Wofiira wa kumimba kwake adandisowa, ndiye ndidasefa katondo n'kusakaniza ndi ulimbo. Kanthu kakapotoka ndinkakazula, ngakhale nditakavutikira sabata yathunthu. Akazi anga ankati ndikadasamala denga lathu chotero, bwenzi tisakukhetsera mvula m'mbale.

Chimene sankadziwa n'chakuti mlongo wawo adafera pa sitima imeneyo.

Iyeyo adali mnzanga wa pondaapanepondepo. Tidalembedwa usilikali tsiku limodzi, zipolopolo zidatiphonya tonse, koma pobwerera kamwazi adamugwira pakati pa nyanja yamchere. Adamusokera m'chinsalu cholimba ndi chitsulo kumiyendo, n'kumugoneka pa thabwa kumbuyo kwa sitima. Wansembe atapemphera, tidapendeketsa thabwalo. Mbali imodzi ndidagwira ndine.

Kalata ya boma idangoti wamwalira ndi matenda. Nditabweretsa katundu wake kumudzi, amayi ake adandifunsa ngati tidamuika bwino. Ndidayang'ana nkhope yawo, lilime lidaterereka. Ndidati tidamuika padoko, pansi pa mtengo wa mango, mutu utaloza kumene uyenera kuloza. Adati, "Basi, bola ali m'dothi." Kenaka ndidakwatira mwana wawo wamkazi, iwo n'kukhala apongozi anga. Mwambo udandithandiza kubisa bodza langa, pakuti mkamwini ndi apongozi sayang'anana, tikakumana panjira wina amapatuka. Koma chaka chilichonse mango akamapsa ankauza mwana wawo kuti, "Uku nako akumugwera pamanda." Ine zinkandilasa mumtima.

Kathabwa koimira thabwa lija ndidakaika komalizira. Sindinganene kuti ndidaiwala kapena sindidaganize. Ndidayesa kuisiya sitimayo popanda iko, koma inkaoneka yonama, ndipo dzanja langa lidakana kunama kawiri. Ndidakapala kuchokera ku kabokosi ka machesi, n'kukamata pampanda kumbuyo, katapendekera kunja.

Mmawa wina wa Juni, chifunga chisadachoke m'mapiri, akazi anga adati amayi akufuna kuona chinthu chimene chidanyamula mwana wawo. Adaitenga sitimayo penti wa kathabwako asadaume, n'kukaiika pamphasa pakhonde pawo. Ine ndidakhala kuseri kwa chipupa. Apongozi ankafunsa mwana wawo, iye n'kundifunsa ine, ngakhale tonse tinkamvana bwinobwino.

"Akuti ichi chakudachi n'chiyani?"

"Potulukira utsi."

"Akuti achimwene ankagona pati?"

"Pansi, mzere wachitatu, windo lachisanu kuchokera kutsogolo."

Ndidamva apongozi akuwerenga mokweza uku akuloza ndi chala, akuseka pang'ono poona kuchepa kwa windolo. Adafunsa za timabwato, za zingwe, ngakhale za kumene tinkadzithandizira.

"Akuti nanga kathabwa aka koloza kumadzi?"

Bodza lidali lokonzeka. Ndikadati n'potayira zinyalala, akadakhulupirira, chifukwa sadaonepo sitima ndipo sakadaiona. Koma kunena kuti mnzanga adatsikira potayira zinyalala kudandikanika. Ndidanena zonse ndikuyang'ana dothi la chipupa: chinsalu, chitsulo, pemphero, ndi kuti mtengo wa mango kulibe.

Akazi anga sadabwereze mawuwo. Adangolira. Ndidamva mphasa ikukhwekhwereza, ndipo nditadzutsa mutu apongozi adali ataima patsogolo panga, akundiyang'ana m'maso, chinthu chimene sadachitepo chilowere ine m'banjamo.

"Inu mudagwirako thabwalo?"

"Ndidagwirako, amayi."

"Zaka zonsezi ndakhala ndikupempherera dzenje lopanda munthu."



Madzulo ake amalume a akazi anga adabwera kudzandiuza zimene banja lagwirizana. Munthu akafera kosaoneka, kwathu timaika thunthu la nthochi m'malo mwake kuti maliro athe. Koma apongozi adakana nthochi. Adati mwana wawo sadagonepo mu nthochi, adagona pa windo lachisanu, ndipo chimene chiikidwe ndi sitimayo.

Ndinene zoona, mtima udandiwawa, ndipo sudawawe chifukwa cha mnzanga yekha. Zaka ziwiri za maso ndi zala zanga zinkapita kwa chiswe. Ndidafuna kupempha kuti ndiwasemere ina, yosavuta, koma ndidadziwa chimene akadandiyankha.

Adzukulu adakumba dzenje lalikulu ngati la munthu wamkulu, osati la kanthu kotalika mkono umodzi. Akazi adalira maliro enieni, a m'tchalitchi adaimba. Sitimayo adaikulunga m'mphasa yatsopano, ndipo pofuna kuitsitsa apongozi adatumiza mawu kudzera kwa mwana wawo, monga kale, kuti mbali imodzi ya mphasayo ndigwire ine, popeza ntchitoyo ndinkaidziwa.