Alamu akomoka pophunzitsa anthu ulemu wa powedza nsomba

Mwaswera bwanji nonse?

Lero alamu anga a Tembo andichititsa manyazi. Paja chaka chatha abwana awo anapita nawo ku Finland, kumene anthu amaboola madzi oundana n'kumawedza nsomba. Chibwerereni kumeneko sitikupuma.

Masana tinanyamuka ku Al Mankhool, muno mu Dubai, kupita kunyanja ndi mbedza zathu. Tinapeza azibambo a ku Pakistan atakhala kale pamiyala, akucheza. Alamu anayamba kuwakalipira: "Habibi, anzanga, ulemu! Ku Finland sitiyandikirana, sitisokosa! Nsomba zimathawa!" Chonsecho obwera pambuyo tinali ife, ndipo wosokosa analipo mmodzi yekha.

Ndiye tangoganizani, dzuwa la ku Dubai lino, alamu atavala chipewa chaubweya chophimba makutu chimene anabwera nacho kozizirako. Posakhalitsa ndinangomva khu! Munthu ali pansi.

Okalipiridwa aja ndi amene anawanyamulira pamthunzi, kuwathira madzi ndi kuwakupiza ndi katoni. Potsanzikana anatipatsanso nsomba. Alamu ali bwino tsopano, koma ngakhale "shukran", zikomo wa Chiarabu uja, inawakanika.

Achemwali, nsomba mukukazingazo sanagwire ndi amuna anu. Anandichonderera kuti ndisanene. Abale, ndalakwa kodi?