Makorali M'chipinda cha Zokolopera

Azakhali anga sadziwa kufulumira. Tiyi amamwa atapola, ndipo msewu amawoloka galimoto zonse zitatha. Ine zimandipsetsa mtima, ndisaname. Koma kwa dokotala wa mano, kumene akhala akukolopa zaka khumi ndi ziwiri, kudekha komweko n'kumene kunawapatsa makiyi a thanki.

Thankiyo ndi yagalasi, yaitali ngati bedi, ili m'chipinda chodikirira odwala. Muli madzi amchere, tinsomba ndi makorali, tizamoyo ta pansi pa nyanja tooneka ngati maluwa omera pamwala. Ana obwera kudzazulitsa dzino amaiwala kulira akamaonerera. Azakhali anayamba n'kupukuta galasi, kenako kudyetsa nsomba, mpaka anafika podziwa korali aliyense ndi khalidwe lake.

Lolemba lina adokotala anabwera ndi timatumba titatu ta madzi, muli makorali atsopano obiriwira mowala. Loweruka lake kunkabwera madokotala anzawo kudzaona chipatalacho, ndiye ankafuna thanki ikhale yochititsa kaso.

"Mayi, ikani awa pakati penipeni."

"Ayi adokotala, ayambe akhala paokha."

"Masiku angati?"

"Masabata asanu ndi limodzi."

"Kodi thankiyi ndi yanu kapena yanga?"

"Ndi yanu. Koma zikafa, wotola mitembo ndine."

Adokotala sanabise mawu: makoraliwo akapanda kulowa m'thanki yaikulu pofika Loweruka, azakhali abweze makiyi, akafune ntchito kwina. Azakhali atandiuza kunyumba, ndinawakalipira. "Azakhali, ntchito ithe chifukwa cha timiyala?" Iwo anangoti, "Chikomekome cha mkuyu, mwanawe, m'kati muli nyerere," n'kupitiriza kusita yunifolomu.

M'chipinda cha zokolopera, pakati pa zidebe ndi sopo, azakhali anaikamo kathanki ka makorali atsopanowo, kokhala ndi nyali yake, sefa yake ndi kapu yake. Chilichonse chokhudza madzi a mmenemo sichinkayandikira thanki yaikulu. Anaviika makoraliwo m'mankhwala ophera tizilombo, sipanagwe kanthu. Akuti mankhwala amapha zoyenda zokha, mazira ayi. M'mawa uliwonse ankawatembenuza n'kuyang'ana kunsi ndi galasi lokulitsa zinthu. Lachitatu, palibe. Lachinayi, palibe. Ine ndinayamba kuwafunsira ntchito kwa mnzanga wa kulesitilanti.

Lachisanu masana azakhali anakagogoda pachitseko cha adokotala. "Tabwerani mudzaone, alendo anu aja abwera ndi alendo awo."

Kunsi kwa korali wina kunali tinyongolotsi taphanthiphanthi, ting'onoting'ono ngati nsabwe, titangoswa kumene, ndipo pamene tinadutsa panali patayera kuti mbee. Adokotala ankatidziwa timeneti: tikalowa m'thanki yaikulu timaswana n'kudya makorali mmodzimmodzi, a zaka khumi omwe. Anangokhala pachidebe chovundikira. Za makiyi sanazitchulenso.

Loweruka ndinali pomwepo, nditabwera kudzawaperekeza azakhali kunyumba. M'malo moonetsa alendo mpando watsopano wozulira mano, adokotala anawalowetsa m'chipinda cha zokolopera, anthu a masuti kumapanikizana ndi mamopu. "Funsani mayi awa," anatero, "ine pano ndine mwana wasukulu." Ndinanyada mpaka misozi kulengeza, ine amene ndinkawakalipira uja.

Dokotala wina, amenenso ali ndi thanki kunyumba kwake, anafunsa ngati masabatawo sangadulidweko n'kukhala atatu. Azakhali anamuyang'ana pamwamba pa magalasi awo.

"Kodi inu bambo, dzino mumalizula theka?"