Kuitana Taonga

Fumbi la ku Kasanda, chaka chimene mgodi wa mtovu unatsekedwa, ndimalimvabe m'kamwa ngati ndanyambita msomali. Huta yoitanira antchito pamgodi inali itasiya kulira, ndipo atate ankangokhala pakhonde atavala jombo zawo za kuntchito, opanda kolowera.

Dzuwa litafika poswa mtengo, mng'ono wanga Taonga, kamwana kolongolola kosatha, anayamba kukomoka. Atate anathamanga naye kuchipatala panjinga, amayi ndi ine tikulondola wapansi. Tili m'wodi, mtima wake unaima. Ndinaona namwino akumupsinja pachifuwa, thukuta lili kamukamu, mnzake akumupopera mpweya ndi kathumba kakuda. Amayi anadzigwetsa pansi. Patapita nthawi, dokotala anatiuza kuti mtima wayambanso kugunda, koma ubongo unakhalitsa wopanda mpweya. Anati tizimulankhula, mwina tsiku lina adzamva mawu a kwawo.

Mawu amenewo ndinawasenza ndekha. Taonga anabwerera kunyumba ali lobodo, maso ali tong'o kudenga. Ndinkagwada pamphasa pake n'kumuitana. Ndinamuitana monyengerera, ndinamuitana molalata. Ndinamunamiza kuti ndamugulira zitumbuwa, ndinamuopseza kuti chidole chake chadongo ndipatsa ana a kukomboni ya Nakoli. Kusukulu ndinkathawa pa buleki, chifukwa ndinali ndi mantha oopsa kuti ndikangokhala chete mtima uja uimanso. Mawu anandithera, pakhosi pankangotuluka kamphepo, koma sindinaleke.

Tsiku la mvula yoyamba, malata akulira, amayi anandipeza ndikunong'oneza dzina lija m'khutu mwake. Ananditseka pakamwa ndi dzanja lonunkha sopo.

"Yakwana, mwana wanga. Yenda ukasowele na anzako."

"Nanga akamvela lelo?"

"Nizamuitana ine."

Ndinatuluka, koma ndinaima kuseri kwa zenera, mvula ikundimenya, kuti ndimve. Sanamuitane. Ankangomupukuta malovu ndi nsonga ya chitenje, akung'ung'uza nyimbo ya kutchalitchi.

Ndinadana nawo amayi dzinja lonse lija, poganiza kuti amutaya Taonga. Koma anamubereka, kumusambitsa ndi kumudyetsa ndi supuni mpaka Taonga anamwalira ine ndili ku sekondale, osayankhapo ngakhale kamodzi. Lero ndikudziwa kuti tsiku lija amayi anayang'ana ana awo awiri pamphasa imodzi, n'kuona kuti amene akanathabe kumubweza ndinali ine.