Munda Wathu Unatsika Phiri

Pamsika wa ku Rongai ndinkanenerera kachewere ngati ndikugula ng'ombe, mpaka mayi wogulitsayo anandinunkhitsa dothi lofiira la pa kachewereyo. Ndinangolipira mwakachetechete, ine katswiri wonenerera.

Ndili mwana, bambo anagwetsa mitengo potsetsereka pa phiri, n'kuotcha makala, n'kudzalapo kachewere woti tidye chaka chimenecho. Mvula itagwa masiku atatu, ine ndi amayi tinakwera kukakumba. Tinapeza thanthwe lokhalokha likuchucha madzi. Munda wonse, ndi zitsa zomwe, unali utatsikira m'dimba la bambo ena kumunsi, dothi likununkha chinyontho.

Eni dimbawo tinawapeza akutolera kachewere m'dengu.

"Ameneyotu ndi wathu!" amayi anakuwa.

Iwo osadzutsa n'komwe mutu: "Wabwera yekha, mayi. Ine phiri sindinakwere."