Njinga ya bambo a Esinati inalowa m'buku

Inu owerenga, pakamwa pangapa pamutsekeretsa golosale mnzanga. Ine ngakhale dzina langa sinditha kulemba, koma kukamba nkhani ndiye ndinabadwa nako, ndipo nkhani ikazizira ndimathirako kamchere.

Mdzukulu wanga, amene ndinamulera mayi ake atamwalira, anali mtolankhani ku Blantyre. Atatopa ndi kuthamangira andale, anasiya nyuzipepala n'kuyamba kulemba mabuku ophunzitsa anthu bizinesi. Chaka china nthawi ya nanazi anabwera kuno ku Limbuli, ati akufuna nkhani za amayi amene anayamba malonda alibe kanthu.

Ndinamuuza za mayi a Esinati, mnzanga amene tinkathyola naye tiyi kuesiteti tili atsikana. Zoona zake, amuna awo ndiwo anawapatsa njinga kuti agulitse, apeze mpamba wa golosale. Koma nkhani ya mwamuna wabwino siseketsa. Ndinati mayiwo anaiba njingayo bamboyo ali kumowa, n'kukaigulitsa kutsidya ku Milanje. Ndinachita kuimirira, kuyerekeza mmene bamboyo ankaifunira njinga m'nkhokwe. Mwana anaseka mpaka misozi.

"Agogo, zimenezi n'zoona koma?"

"Iwe, analipo ndine kapena iwe?"

Anafuna kukafunsa eni ake, ine n'kumuletsa, ndati achita manyazi. Buku linatuluka, likuwatama mayiwo kulimba mtima. Dzina anabisa, koma pa Limbuli pano mayi amene anayamba ndi njinga ndi mmodzi yekha.

Apo n'kuti bambo a Esinati atamwalira. Mwana wa mlongo wawo, mphunzitsi, anawerenga bukulo. Anabwera ndi abale ake, buku lili m'manja, ati golosale ndi ya amalume awo chifukwa mpamba unali wakuba, ndipo zinalembedwa. Ndinathamanga kukaulula kuti ndinanama. Anandifunsa pamaso pa anthu kuti, "Mwanama liti, kale kapena lero?" Anaika loko wawo pachitseko cha golosale, ndipo mlandu sunathe mpaka lero. Mayi a Esinati akuyala tomato pachiguduli kunja kwa msika.

Mdzukulu wanga anabwera kudzapepesa, anagwada pafumbi anthu akuona. Mayi a Esinati anamudzutsa okha, nati, "Dzuka mwanawe, iwe unangomvera agogo ako." Ine ndinali pomwepo, koma sanandiyang'ane.

Anzanga okonda kucheza, bodza la pakhonde limatha anthu akamwazikana, koma likalowa m'buku limakhala ngati laikidwa chidindo. Mwana akabwera ndi cholembera, yambani mwamufunsa kumene mawu anu akupita. Nanunso ana olemba, musatikhulupirire chifukwa tinakulerani. Pitani mukamve kwa mwini nkhani. Ine tsiku la msika ndimagula tomato kwa mlendo, mnzanga wa utsikana ali chapomwepo, akuthamangitsa ntchentche.