Chigayo Chomwa Kokonati cha ku Muloza

M'chaka cha 2011, dizilo atasowa dziko lonse, chigayo cha Enifa kufupi ndi Muloza chinakhala chete masabata asanu. Nkhuku zinafika poikira mazira pansi pa injini. Enifa anali ndi zaka 22, makolo onse kumanda, mayeso a Fomu 4 atamukana kawiri. Chuma chake chinali injini yakaleyo basi, ndipo azing'ono ake awiri ankadya kuchokera pamenepo.

Atsibweni ake, a Bonface, anabwera atamanga kale mfundo. "Mwana iwe, chitsulo chosalira n'chitsulo chabe. Ndapeza wogula ku Nkando. Mwezi uno ukatha chisakugaya, adzanyamula. Iweyo ukalembetse yothyola tiyi."

Abale anga, ine ndayenda. Ndinayamba ndi kabaza, lero ndili ndi mathiraki, ku Beira amandiitana ndi dzina, Joni ndimapita ngati kumunda. Injini ndaziona zamitundumitundu. Koma chidwi ngati cha mtsikana uyu sindinachipezepo kwina.

Tsiku lina Enifa anaoloka malire kukasaka dizilo ku Milange, napeza malita asanu okha. Pobwerera anadutsa kumbuyo kwa lole yotsitsa kokonati, ndipo mphuno yake inamuimitsa. Utsi wa loleyo unkanunkhira ngati chiwaya.

"Bambo, mukukazinga chiyani m'galimotomu?" Enifa anafunsa dalaivala wa loleyo, a Yosefe, munthu wa ku Quelimane.

A Yosefe anaseka. "Mana, mlongo wanga, iyi imamwa zakwathu! Mafuta a kokonati, kusakaniza ndi dizilo."

"Ochuluka bwanji? Mumasefa? Mphamvu siichepa? Nanga pokwera chitunda?"

"Iii, kodi ndinu apolisi?"

Anamuyankhabe, namugulitsa chigubu chimodzi cha mafutawo. Atafika kwawo, Enifa anawasefa katatu pa nsalu. Kenako anatenga bulauzi yoyera ya yunifomu yake ya sukulu, n'kuidula tizidutswa. Ankaliza injini, n'kugwiriza kansalu kukamwa kwa paipi ya utsi, n'kuwerenga mpaka makumi awiri.

Dizilo yekha, kansalu kanada bii ngati kunsi kwa poto. Makapu awiri a kokonati pa makapu khumi, kanatuwa ngati phulusa. Theka kokonati theka dizilo, mwaye unangopaka pang'ono. Anamvetseranso kaliridwe ka injini, napeza kuti mphamvu yatsikako. Akathira chimanga chambiri nthawi imodzi inkabuula, choncho anaphunzira kuthira pang'onopang'ono. Malita asanu aja anagwira ntchito ya malita pafupifupi khumi.

Amayi anayamba kubwera ndi madengu. Kale ankatseka mphuno ndi chitenje, tsopano ankangomuseka. "Enifa, ukugaya kapena ukukazinga mandasi? Tigaireko awiri!"

Mwezi utatsala tsiku limodzi kuti uthe, Enifa anatumiza mawu kwa atsibweni kuti adzaone okha. Iwo sanakhulupirire, moti m'mawa mwake anafika ndi wogula uja, galimoto ndi masipanala zili pomwepo. Tsikulo chiperoni chinali chitatsika m'phiri, kamvula kowaza, kuzizira kolowa m'mafupa.

Enifa anapukusa handulo. Injini inatsokomola kawiri n'kuzima. Anapukusanso mpaka thukuta kamukamu m'chisanu chonsecho. Zii.

"Ndiye yomwa kokonati ija imeneyi?" anatero wogulayo. "Achemwali, mawa mudzaiyese tiyi wamkaka."

"Masulani mabawuti, achimwene," anatero a Bonface, nkhope atayang'ana kumbali.

Wina akanalira. Koma m'mutu mwa Enifa munali funso limodzi: dzulo masana inalira bwinobwino, lero chasintha n'chiyani? Anamasula sefa ya mafuta, napeza chibuma choyera ngati majarini. Anapendeketsa chigubu, mafuta akuyenda mwaulesi ngati phala lozizira. Apo ndi pamene anazindikira. Ku Quelimane n'kotentha, mafuta a kokonati amakhala amadzimadzi. A Yosefe chisanu cha Mulanje sankachidziwa, ndiye akanamuchenjeza bwanji?

"Atsibweni, ndipatseni ola limodzi. Ikakana, mabawutiwo ndimasula ndekha."

A Bonface anausa moyo. "Limodzi lomwelo."

Anakhuthula thanki, natsuka sefa ndi tipaipi, n'kuthiramo botolo lotsiriza la dizilo wosasakaniza. Anapukusa, injini inadzuka ndi chiutsi chakuda. Pambali pa injini za zigayo pamakhala dilamu la madzi oiziziritsa, ndipo ikamalira madziwo amatentha. Enifa anadikira mpaka madzi atayamba nthunzi, n'kuviikamo chigubu chija. Dizilo m'thanki ankatha, wogula akuyang'ana wotchi. Atachivuula, mafuta anali atasungunuka, oyera mbee. Anawathira m'thanki.

Onse anatchera khutu. Injini inasintha mawu pang'ono, koma siinazime. Utsi wakuda unayamba kutuwa, kenako unangotsala kautsi kopyapyala. Enifa anathira chimanga, ufa unayamba kugwa.

A Bonface anaima pafupi ndi paipi, kununkhiza, kupukusa mutu, kununkhizanso. Kenako anatembenukira kwa wogulayo. "Achimwene, pepani ndakuvutitsani ndi ulendo. Mwana wa mlongo wangayu sakugulitsa."

Lero Enifa ali ndi zigayo zitatu, ndipo azing'ono ake onse anamaliza sukulu. Lamulo lake n'losavuta: yambitsa ndi dizilo, tenthetsa kokonati, ndipo pozimitsa bwereranso ku dizilo kuti mafuta asagwire m'tipaipi. Amakaniko a mabuku amabwera kudzamufunsa, iye n'kuwafunsanso mafunso mpaka amathawa.

Ndiye inu amene chinthu chakukanirani pamaso pa anthu, musathamangire kunena kuti ndinu olodzedwa. Masulani sefa, suzumiranimo, funsani chimene chasintha. Nthawi zina loto lanu silinafe ayi, langogwidwa ndi chisanu. Mtima musautaye, litenthetseni lidzuke.