Zitsamba Zosafunda za Togzhan

Inu amene mukuona ngati dziko lakutayani, tamverani za mtsikana wina dzina lake Togzhan.

Zotsatira za mayeso olowera kusukulu yaulimi zitatuluka, dzina lake padalibe. Kameneka kanali kachiwiri. Adabwerera kwawo, katauni ka kufupi ndi mzinda wa Karaganda, kudziko lozizira koopsa, komwe mphepo imawomba popanda phiri loitchinga. Ntchito yomwe adapeza inali yokankha wilibala ya manyowa kunazale, komwe kunkayesedwa zitsamba zamaluwa zoti zidzabzalidwe mumsewu watsopano wopita kusiteshoni.

"Pulofesa wa ndowe wafika!" ankafuula a Sabyr, kapitawo wapanazalepo, m'mawa uliwonse.

Zitsamba za a Sabyr zinkachokera kumwera, zonenepa, zamasamba onyezimira. Chisanu chikayandikira ankazifunditsa udzu ndi ziguduli ngati makanda.

Koma Togzhan anali ndi chinsinsi. Lamlungu lililonse ankakwera basi n'kutsikira pamalo poti palibe amatsika. Anthu ankanong'ona kuti kuli mnyamata. Ayi ndithu. Kunali mudzi wakale womwe eni ake adausiya zaka makumi atatu zapitazo. Nyumba zidagwa, koma pafupi ndi pomwe padali zitseko, zitsamba za lilaki zinkachitabe maluwa ofiirira, popanda wozithirira, popanda wozifunditsa. Iye ankakumba mphukira zake n'kuzikulunga mumpango.

Kunazale kuja adapempha mzere umodzi woti abzalemo mphukirazo, wakumpanda, komwe mphepo imamenya kwambiri.

"Tenga," adatero a Sabyr. "Koma zikakanidwa, iwe ndi wilibala yakoyo mudzatsanzikana."

Chaka choyamba theka zidafa. Adalemba m'kope zomwe zidafa, n'kukakumba zina. Chisanu chitabweranso, sadazifunditse.

"Mwana iwe, mutu wako ukuyenda bwino? Ufuna kuzipha?" adakalipa a Sabyr.

"Nanga mumsewu muja adzazifunditsa ndani, bambo? Ngati n'zofa, zife panopa ine ndikuona."

Chisanu chachitatu chidali chankhanza, choti mbalame zinkagwa zili m'malere. Chipale chofewa chitasungunuka, kudabwera mayi Raushan, katswiri wosankha zitsamba zoyenera msewu.

A Sabyr adavundukula udzu monyadira. Mwadzidzidzi mbewa zidabalalika. Zinali zitapeza pofunda m'udzumo, ndipo nyengo yonse zinkadya khungwa kuzungulira tsinde. Mayi Raushan adakanda nthambi ndi chikhadabo. M'kati munali mouma. Chitsamba china, chimodzimodzi. Mzere wonse.

"Nanga timitengo ito?" adafunsa, akuloza kumpanda.

"Nkhuni zimenezo, mayi," adatero a Sabyr. "Tizula lero lomwe."

Zinkaonekadi ngati nkhuni: zotuwa, zopanda tsamba n'limodzi lomwe. Togzhan mwini anali asanakande, poopa zomwe angaone.

"Mayi, chonde, tangokandani kamodzi."

Chikhadabo chidalowa. Pansi pa khungwa panali pobiriwira, ponyowa. Mayiwo adakanda china, kenako china, mpaka kumapeto. Pa zitsamba makumi anayi, zakufa zinali zitatu.

"Wazifunditsa chiyani?" mayiwo adafunsa Togzhan.

"Palibe."

Mayi Raushan adamuyandikira. "Udaphunzira kuti, mwana wanga?"

"Mayeso adandikana kawiri, mayi."

"Chisanu sichidakukane. Bweretsa kope lako ndilione."

A Sabyr adavula chipewa n'kukanda m'mutu. "Ha! Zaka makumi awiri ndikuweta mbewa."

Mwezi wa Meyi ukutha, mzere wakumpanda udachita maluwa, fungo lake n'kumafika kumsewu. Chaka chomwecho Togzhan adapatsidwa ntchito yoyesa zitsamba za tauni yonse, ndipo lero aliyense wotsika sitima kumeneko amadutsa pakati pa lilaki wake.

Mwina inunso anthu akuyang'anani n'kunena kuti ndinu nkhuni. Musadzizule nokha lisanafike tsiku loti wina akande khungwa. Pirirani chisanu chimodzi china. Osataya mtima, m'kati mwanu mudakali mobiriwira.